Ndabwerako, nazi za komwe ndinasowera

Moni abale anga. Papita nthawi yaitali ndisanalembe kalikonse, ndikudziwa, ena mwa inu mumachita kundifunsa pa WhatsApp kuti kodi asisi muli moyo, ena mpaka munakafunsa kwa mng'ono wanga ngati ndinapita ku Joni. Ayi ndithu, ndinali konkuno ku Blantyre, kungoti ndinali nditatopa, kutopa kuja koti olo ugone Loweruka lonse umadzuka nakobe Lamulungu m'mawa. Lero ndafuna ndikufotokozereni mmene zinayendera chifukwa mwina pali wina amene ali momwemo panopa nde akumuuza kuti ndi ulesi kapena kuti chikhulupiriro chachepa ngati mmene ankandiuzira ine.

Kwa amene simudziwa, ntchito yanga inali yolemba malipoti ku bungwe lina lothandiza anthu pa nthawi ya mavuto. Anzathu amapita kumidzi kukalemba mayina ndi manambala, ine ndimalandira, ndikusanja pa laputopu, kenako kulemba m'Chingerezi chosalala chopita kwa opereka ndalama akunja. Masana za ku ofesi, usiku zanga, tinkhani ta m'minibasi, ta mumsika wa Limbe, ta amayi anga ndi nkhuku zawo. Zinthu ziwirizi zinkakhalira limodzi bwinobwino popanda kulimbana mpaka chaka cha 2022.

Chaka chimenecho mukuchikumbuka nonse. Mu Januwale namondwe wa Ana anaononga ku Kapichira, magetsi nkuyamba kuthima maola ambirimbiri, moti malipoti ena ndinawalemba nditayatsa kandulo uku ndikuyang'ana batire ya laputopu ikutsika. Mu Malichi kolera inayamba ku Machinga, nkufalikira dziko lonse, mpaka mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira, ndipo pomwe imazizira inali itatenga anthu opitilira 1,700. Mu Meyi kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mafuta kusowa, mizere pa filing'i siteshoni usiku wonse. Ine ntchito yanga inali yolemba kuti sabata ino adwala angati, amwalira angati, boma liti lakwera, boma liti latsika. Ndinkaona ngati ndikukwanitsa. Ndinachepetsa kulemba zanga koma sindinasiyiretu.

Chimene chinandithyola ndi namondwe wa Freddy.

Mvula ija ya mu Malichi 2023, masiku angapo osakata, phiri la Soche kugumuka usiku matope ndi miyala kutsikira ku Chilobwe ndi ku Manja, mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu kukokoloka, Mulanje ndi Phalombe misewu kuduka osafikika. Anthu opitilira 1,000 anapita, opitilira 600,000 anasowa pokhala, dziko linalira masiku 14. Kwathu ndi ku Phalombe, nde tangoganizani, uli mu ofesi ukulandira manambala a boma lakwanu pomwe foni ya amayi ako siikupezeka. Anapezeka ali bwino, nyumba inagwa mbali imodzi, nkhuku zonse zinapita, koma masiku amene ndinakhala osamva mawu awo aja sindidzawaiwala.

Anthu olemba anachepa nde anatitumiza nafenso a mu ofesi kuti tikathandize kulemba mayina m'misasa. Msasa umene ndinapitako unali pa sukulu ya pulayimale, madesiki ataunjikidwa kumbuyo kwa kalasi, pa bolodi pali masamu a Sitandade 5 amene aphunzitsi analemba mvula isanayambe palibe anafufuta, pansi mphasa zonyowa, zovala zitayanikidwa m'mawindo, fungo la utsi ndi matope. Ndinakhala pa khonde ndi mafomu anga, anthu ali pamzere. Panabwera mayi wina, chitenje chimodzi chokha, mwana kumsana. Fomu yathu inali ndi kabokosi kamodzi kolemba kuti pabanjapo mulipo angati. Ndinafunsa kuti mayi, mulipo angati pakhomo panu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Lembani sikisi achemwali. Awiriwo sanapezeke koma ine sindinawaike m'manda." Ndinalemba 6. Nditabwerera ku ofesi manambala a msasa umenewo sanagwirizane ndi a anthu amene analandira ufa, nde ndinauzidwa kuti ndikonze lipotilo lisanakwane 5 koloko chifukwa akunja akudikira. Ndinakonza, ndinatumiza, ndinakwera minibasi kupita kunyumba, ndinaphika nsima, ndinadya.

Kuyambira pamenepo ndikatsegula laputopu usiku kuti ndilembe zanga, palibe chimabwera. Ndimangoyang'ana. Ndikayamba chiganizo chimatuluka ngati lipoti, chouma, cha anthu opanda nkhope. Ndinati mwina mawa, kenako sabata ya mawa, kenako ndinasiya ngakhale kutsegula komwe.

Ndipo sikuti kulemba kokha ndi kumene kunachoka. Foni ikalira mtima umachita phaa, olo akhale mnzanga wongofuna kupereka moni. Tulo ndimagona cha m'ma 11, pofika 2 koloko maso gwa, mutu ukuwerengera za mawa. Lamulungu madzulo m'mimba mumayamba kupotokola poganiza za Lolemba. Kumaliro ndimapita, ndimakhala ndi azimayi anzanga m'siwa, nyimbo ndimayimba nawo koma mkatimu muli zii, osamva kanthu. Ichi ndi chimene chinandiopsa kwambiri, chifukwa ine ndi munthu woti ndimalira msanga. Ku ntchito ndinayamba kudana ndi anthu omwe ndimawalembawo, ndikaona mndandanda wa mayina ndimangoona chintchito china chondichedwetsa kuweruka.

Kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700 usiku umodzi. Malipiro omwe aja, koma shuga, mafuta ophikira, sopo, thiransipoti, zonse mmwamba. Ine ndine woyamba kubadwa, ndipo amene muli oyamba kubadwa komanso muli pa ntchito m'tauni mukudziwa tanthauzo lake. Fizi ya mng'ono wanga, malata a nyumba ya amayi, feteleza, mankhwala a agogo, mwana wa ankolo wasankhidwa kupita ku sekondale, maliro a uje akufunika bokosi. Malipiro amalowa pa 25, pofika pa 28 atuluka onse pa Airtel Money ndi Mpamba. Abale anga sindikuwadandaula ayi, ine ndinaphunzira ndi ndalama za nandolo ndi mpendadzuwa zimene anthu omwewa analima, ndipo ndimawakonda. Koma panafika poti amayi akaimba foni ndimayamba ndapuma kaye kwambiri ndisanayankhe chifukwa mutu wathamangira kale ku ndalama, pomwe mwina iwo amangofuna kundiuza kuti mbuzi yaswa.

Ndinayesa kuuzako anthu kuti ndatopa. Mayankho ake ndi amene ndikufuna tikambirane pang'ono chifukwa amapweteka kuposa mmene oyankhawo amaganizira. Wina anati mwatopa ndi chani asisi, mumagwira khasu inu, si mumangokhala pa mpando mu ofesi yozizira. Wina anati walira mvula walira matope, mesa munkapempherera ntchito yomweyi. Mayi wina wa kutchalitchi, wondikonda ndithu, anati mwana wanga limbikira kupemphera, satana akufuna akulande madalitso. Ndipo ine mwini ndimadziuza zomwezo, kuti ungatope bwanji iwe uli ndi denga ndi malipiro pomwe mayi uja wa ku msasa alibe olo manda oti akalirepo. Kuno kwathu kutopa kumene timakuvomereza ndi kwa thupi, kwa munthu amene wachoka kumunda kapena wapalasa kabaza tsiku lonse. Kwinaku timati ndi matenda a anthu okhuta. Nde munthu umangotseka pakamwa, kudzola mafuta, kuvala bwino, kupita ku ntchito, aliyense akafunsa umati ndili bwino kaya inu. Amuna nde zawo ndi zovuta kuposa apa chifukwa iwo amauzidwa kuyambira ali ana kuti mwamuna salira, ndipo tonse timamva pa wailesi apolisi akulengeza za anthu odzipha, ambiri mwa iwo abambo, nkhani yake ngongole ndi za m'banja. Timadabwa tsiku limodzi, mawa lake tayambanso kuseka wina amene wanena kuti zamukulira.

Pemphero ine sindinasiye ndipo sindidzasiya. Koma munthu wothyoka mwendo timamupempherera uku tikumutengera kuchipatala, sitimuuza kuti ayende ndi chikhulupiriro.

Chimene chinandifikitsa kuchipatala ndi mutu. Unkandiwawa kumbuyoku masiku otsatizana, panado osathandiza, nde ndinapita pa kiliniki ina ndikuganiza kuti ndi malungo. Malungo sanapezeke, BP inali itakwera. Adokotala ake anali bambo wachikulire, anavula magalasi nkundifunsa kuti, "Mayi, mukumagona bwanji usiku?" Funso laling'ono chonchi koma ndinalira pompo, kulira kwenikweni kwa mamina, koyamba chichokereni ku msasa kuja. Sanandithamangitse olo kunja kunali mzere. Anandilembera mankhwala a BP nkundilozera kwa munthu wopereka uphungu.

Kumeneko ndi kumene ndinamva kuti zimene zimandichitikirazi zimadziwika. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2019 linaika kutopa kotereku, kumene pa Chingerezi amati burnout, m'buku lake la mndandanda wa matenda lotchedwa ICD-11, osati ngati matenda paokha koma ngati vuto lobwera ndi kupanikizika kwa ku ntchito kwa nthawi yaitali kosasamalidwa, ndipo zizindikiro zake anatchula zitatu, mphamvu kutheratu, mtima kutalikirana ndi ntchito yako mpaka kuyamba kuinyoza, ndi kulephera kugwira bwino zimene unkakwanitsa kale. Zonsezo ndinali nazo, kuphatikizapo za ku msasa zija zimene aphunguwo anati ndi bala lina palokha lofunika kulisamala mwapadera. Ambiri tikamva za thandizo la maganizo timathamangira kuganiza za Zomba Mental Hospital, ngati kuti munthu umayenera kuyamba wavula zovala pamsewu kuti uyenere kuthandizidwa. Alipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amene amapereka uphungu, ndipo m'zipatala zina za boma muli anamwino ophunzira za maganizo, kungoti ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu ofuna thandizo. Anzathu a ku Zimbabwe anayambitsa Friendship Bench, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa kiliniki kumamvetsera anthu amene maganizo awachulukira, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti zimathandizadi. Ndikaganiza za azimayi a mvano ndi a dorika amene tili nawo mpingo uliwonse, amene amayenda kale m'makomo kuona odwala, ndimaona kuti anthu oti angachite zimenezi tili nawo kale, chikusowa ndi kuwaphunzitsa kumvetsera asanayambe kulangiza.

Pali china chimene chimandiwawabe. Mabungwe ngati limene ndinkagwirako timalemba m'mapulojekiti kuti tipereka uphungu kwa anthu okhudzidwa ndi ngozi, ndipo nzoyenera, koma dalaivala amene ananyamula mitembo, mtsikana amene analemba mayina m'misasa, namwino amene anagona mu tenti ya kolera miyezi, palibe amawafunsa kuti mukumagona bwanji. Amangopatsidwa alawansi ndi tisheti basi, mawa ulendo wina.

Kontilakiti yanga itatha mu 2024 sindinasainenso ina. Ndikudziwa kuti si aliyense angathe kutero, ena ana ali pa sukulu, renti ikudikira, katapila ali pakhomo, nde sindikuuza munthu kuti asiye ntchito ayi. Ine chimene chinandithandiza ndi choti ndinali ndi kangachepe ku banki mkhonde, komanso ndinachita chinthu chimene ndinkachiopa zaka zonsezi, ndinaitanitsa abale anga. Tinakhala pa khonde la amayi kumudzi, achimwene a ku Johannesburg tinawaika pa foni pakati pa mphasa, ndinawauza zonse, za tulo, za BP, za ndalama mmene zimathera. Ndinkayembekeza kuti akhumudwa. Amayi anakhala chete kenako anati, "Iwe mwana iwe, bwanji sunanene? Ukagwa iweyo ndiye tonse tagwa." Achimwene anatenga fizi ya mng'ono wathu, amatumiza pa Mukuru mwezi ndi mwezi, alongo anga ang'ono anatenga za feteleza, ine ndinatsala ndi mankhwala a agogo ndi zina zing'onozing'ono. Ankaganiza kuti ndili ndi zambiri chifukwa sindinkakana.

Miyezi yoyamba nditasiya ntchito sinali yokoma monga mungaganizire. Ndimadzuka 5 koloko mtima ukuthamanga ngati ndachedwa pomwe palibe kopita. Aphungu aja anandiuza kuti mutu wa munthu uli ngati chitsime cha kudambo mu Okutobala, ukatunga mosalekeza umafika pa matope, ndipo madzi abwino amabwerera okha pang'onopang'ono ukachisiya, sungawakakamize. Nde ndinayamba kuyenda wapansi m'mawa kulibe dzuwa, kuthimitsa deta ikakwana 8 koloko usiku, kubwerera ku kwaya Lachinayi.

Tsopano za zina zimene zachitika, mwachidule chifukwa ndi zambiri. Ndinasamuka, ndili ku Machinjiri tsopano, nyumba yaing'ono koma ili ndi kamalo kumbuyo komwe ndabzala mpiru ndi tomato. Mng'ono wanga uja anamaliza za unamwino, akudikira kulembedwa ntchito ngati anzake ambiri. Mlamu wanga anabereka mwana wamkazi, wonenepa bwino, amaseka ndi aliyense. Chaka cha 2024 kumudzi sitinakolole kanthu ndi ng'amba ya El Niño ija, boma mpaka linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, tinadalira chimanga chogula. Ndinayamba kabizinesi ka mpunga wa Kilombero, ndimaoda kwa mayi wina wa ku Karonga nkumagulitsa m'maofesi ndi kutchalitchi, sikalemeretsa koma ka ndiwo ndi magetsi kamapezeka. Ndimagwiranso maganyu olemba ndi kumasulira, masiku atatu pa sabata, ndipo wina akati afuna lipoti pofika mawa m'mawa pomwe wanditumizira madzulo ndimamuuza mwaulemu kuti sizitheka. Pa 16 Seputembala 2025 ndinakavota ngati wina aliyense, za ndale tidzakamba tsiku lina.

Ndipo agogo anatisiya. Apa nde pamene kulemba kunabwerera, mwanjira imene sindinaiganizire.

Usiku wa maliro, anthu ali m'siwa, amuna ali panja pa moto, amalume anandiitana nkunena kuti, "Iwe ndi amene umalemba, mbiri ya agogo ako ulembe ndiwe, mawa iwerengedwe." Ndinafuna kukana koma pamaliro sukana amalume. Ndinatenga kope la mwana wa sukulu ndi bolopeni, tochi ya foni, nkukhala pakati pa azigogo anzawo kukhitchini komwe amasenda maungu ndi kusankha nyemba za mawa. Ndinangofunsa kuti kodi agogo anabadwa liti. Palibe ankadziwa chaka, koma wina anati pa njala ya 1949 anali kamtsikana kotha kubereka mwana kumsana, ankapita ndi amayi awo kukakumba zikhawo kutchire. Wina analanda nkhani, anati iwe sukudziwa, anakathyolako tiyi ku Mulanje asanakwatiwe, dengu kumsana kuyambira m'bandakucha. Wina anakumbutsa za agogo aamuna amene anapita ku Wenela kumigodi nkubwera ndi njinga ndi chifuwa, agogo nkulera ana okha zaka zonsezo. Anafotokoza za Napolo wa mu Malichi 1991, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Michesi, mmene agogo anathawira ndi ana awiri a eni ake amene makolo awo sanapezeke, nkuwalera ngati awo, ndipo mmodzi mwa anawo ndi amene ine ndakhala ndikuwatchula kuti azakhali moyo wanga wonse osadziwa. Pa Freddy anali atakalamba kale, anachita kuwanyamula pa chitseko kupita nawo ku sukulu, akuti njira yonse amalangiza anyamatawo podutsa kuti madzi a Napolo sayenda mmenemo.

Azigogo aja amatsutsana, kuseka, kulira, kuyambitsa nyimbo ya Chilomwe pakati pa nkhani, ine ndikungolemba, dzanja kuwawa, kope kudzaza. Munalibe kabokosi koti ndikwanitsemo munthu, ndimalemba mmene akunenera, m'chilankhulo chomwe akunenera. Kutacha ndinaikonza nkukhala masamba awiri, amalume anawerenga kumanda, koma zotsalazo ndinabwera nazo kuno ndipo ndakhala ndikuzilemba bwinobwino usiku ndi usiku, pang'onopang'ono, tsiku lina ndime imodzi, tsiku lina osalemba olo. Mayi uja wa ku msasa ndinalembanso nkhani yake yonse mmene ndikuikumbukira, ndi zimene ananena atachoka pa mzere, koma imeneyo ndi yake, siyotulutsa.

Sindinachiriretu. BP ndikumwabe mankhwala, masiku ena tulo timavutabe, mvula ikagwa usiku mwamphamvu pa malata ndimadzuka kuimbira amayi. Kwa aphungu ndimapitabe mwa apo ndi apo. Nde sindikulonjezani kuti muzindimva sabata iliyonse ngati kale, ndizilemba pamene ndili ndi chonena komanso mphamvu zilipo. Amene munanditumizira mauthenga ine osayankha, ndinawawerenga onse, ena ndinawawerenga kangapo, zikomo kwambiri, ndiyamba kuyankha mmodzimmodzi.

Loweruka likubwerali ndikupita ku Phalombe, amayi akuti nandolo wauma ndipo mavenda ayamba kale kuzungulira ndi masikelo awo m'midzi. Ndikufuna ndikakhale nawo pogulitsa, ndikanyamula sikelo yanga ya mpunga ija kuti tikayeze tokha kaye thumba lililonse asanabwere, chifukwa chaka chatha akuti thumba lomwe iwo amadziwa kuti ndi lodzaza limapepuka likafika pa sikelo ya venda. Nkhani yotsatira ikhala imeneyo, ya nandolo ndi mitengo yake, ndipo ngati kwanu ku Mulanje, Chiradzulu, Zomba kapena Machinga mukugulitsanso, ndiuzeni akugula bwanji pa kilo kuti tifananitse.